Kodya nsima yeniyeni ku Lilongwe n'kuti?

Nachisale wa ku Zomba:
Mwaswera bwanji nonse pagulu pano? Ndabwera kudzapempha nzeru, paja safunsa anadya phula. Lamulungu likubwerali ndikunyamuka kupita ku Lilongwe, tili ndi maphunziro a kuntchito kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Atipatsa kandalama m'manja kuti za chakudya aliyense adzionere yekha. Ndikagona pa loji ina ku Area 3, maphunzirowo akachitikiranso chakomweko. Chaka chatha nditapita ndinkangodya tchipisi ndi nkhuku m'malo a magalasi aja sabata yonse. Ndinabwerako mimba itadzimbidwa, m'chikwama mulibe ndi tambala yomwe. Ulendo uno ndikufuna nsima yotentha, ndiwo zamasamba, kankhuku ka lokolo kapena nsomba, pamalo paukhondo koma posaboola m'thumba. Eni mzinda, ndilozereni.

Dalaivala wa M1:
Taswera bwino achemwali. Ine si mwini mzinda, kwathu ndi ku Ntcheu, koma zaka zimene ndayendetsa galimoto pamsewu umenewu ndadya nsima ya ku Lilongwe yochuluka kuposa ya mkazi wanga (asamve). Choyamba, musafunse za malo, funsani za nthawi. Malesitilanti ang'onoang'ono a m'tauni amaphikira anthu a pantchito. Mphika woyamba umaphulidwa 12 koloko isanakwane. Mukafika 2 koloko itadutsa mupeza nsima yakhalitsa m'kontena mpaka yachita thukuta, nkhuku yatsala khosi ndi zipalapasiro, masamba atha. Kenako mudzabwera pano kudzanyoza Lilongwe pamene wochedwa ndinu.

Chachiwiri, kuchokera ku Area 3 tsikani muwoloke mlatho wa Lilongwe, mulowere ku Area 2 ndi msewu wa Malangalanga, komwe kuli msika waukulu ndi depoti. Kumeneko malo odyera ali mbali zonse. Chikwangwani musachiwerenge. Onani amene akulowa. Mukaona amakaniko a maovolosi, atsikana a m'mashopu, apolisi ndi madalaivala akudikirana mpando, lowani. Amenewo amadya pamenepo tsiku ndi tsiku, mwini malo sangayerekeze kuwapatsa ndiwo zogona chifukwa mawa amuyalutsa pamaso pa makasitomala.

Mnyamata wa ku Kanengo:
Adala a M1 alasa. Kuno ku Kanengo panopa msika wa fodya uli mkati, alimi ndi madalaivala a matiraki adzaza, amayi ophika sakupuma. Ifeyo a m'mafakitale timangosonkha mmemo, wina aphike, tidye limodzi, koma mlendo wa masiku asanu sangalowe mmemo wa eni ake kkkk. Kanengo ndi kutali kwa inu asisi, musavutike. Koma madzulo amodzi mupite ku Bwandilo, kumabala a ku Area 47, mukadye nyama yowotcha ndi mang'ina. Kubwera ku Lilongwe osaponda pa Bwandilo ndiye kuti simunafike.

Nachisale wa ku Zomba:
Achimwene, ine ndi mayi wa Mvano, ku Bwandilo mukufuna ndikaonedwe ndi ndani? kkkkk

Mnyamata wa ku Kanengo:
Pitani dzuwa lisanalowe, mukagule nyama yanu n'kumapita. Nyama ilibe mpingo.

Ankolo a ku Capital Hill:
Ndiyankhuleko monga munthu amene watsala pang'ono kupuma pantchito ya boma. Anthu amaganiza kuti ife a ku Capital Hill timadya m'mahotela. Bodza. Ikakwana nkhomaliro mudzatipeza ndi mataye athu ku msika wa Area 13, titapinda malaya, tikusamba m'manja. Ngati tsiku lina maphunziro anu angakufikitseni ku City Centre, kumeneko n'kumene mungadye osadandaula.

Za malo a magalasi mwatchulawo, ine ndinaphunzira mowawa. Mwana wanga atamaliza sukulu ndinati ndimusangalatse, tinalowa malo ena okongola, nyimbo zapansipansi, woperekera zakudya wavala bwino kuposa ine. Ndinawerengera mitengo ya pamenyu, ndikuti ndikwanitsa. Bilu itabwera inali ina, akuti msonkho wa VAT unali usanaphatikizidwe, timalemba take tili pansi penipeni toti uwerenge ndi magalasi awiri. Nsima yake timitanda tiwiri tonga mazira, masamba supuni imodzi. Tinatuluka n'kukagula chimanga chowotcha. Chikomekome cha mkuyu. Sindikuti malo onse otero ndi oipa, ena amaphika bwino ndithu, koma funsani mtengo wonse musanasambe m'manja. Mukasamba ndiye kuti mwavomera.

Nangozo:
Ine ndimagwira ntchito ya zaumoyo, ndiye mundikhululukire ndisokonezako phwando. Tisaiwale msanga. Kolera ija inayamba mu Malichi 2022 inatenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Lilongwe inali m'gulu la maboma amene anakhudzidwa kwambiri. Mu Januwale 2023 sukulu za mumzinda uno ndi wa Blantyre zinachedwa kutsegulidwa, aboma n'kuletsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu. Panopa ndi nyengo yozizira, mvula kulibe, koma kutsegula m'mimba sikuona kalendala.

Mukalowa, yambani mwaona posambira m'manja. Akakubweretserani beseni limodzi lomwe asambamo kale anthu asanu, kanani mwaulemu, pemphani akuthirireni ndi jagi. Malo osamala amakhala ndi ndowa ya kampopi ndi sopo pakhomo. Chakudya chizifuka nthunzi. Ndipo chimene chimagwetsa alendo ambiri si nsima kapena nyama, zimenezo zadutsa pamoto. Ndi kakabichi ndi tomato wosaphika amene amaika pambali pa tchipisi, ndi madzi akumwa a m'jagi osadziwika kochokera. Nyamulani botolo lanu.

Rasta wa ku Biwi:
Eee amayi a zaumoyo mwayamba kutinyozera pa chiwaya. Tchipisi popanda saladi ndi tsabola n'chiyani? Ife takulira pamenepo, tili moyo.

Nangozo:
Mimba yanu inazolowera madzi a ku Biwi, achimwene. Ya mlendo sinazolowere. Ndipo amene sanakhale moyo sangabwere pagulu pano kudzatsutsa.

Rasta wa ku Biwi:
Mwandipha kkkk. Chabwino, koma ndiwaphunzitse asisiwa kadyedwe ka pa chiwaya, chifukwa tsiku lina adzafuna basi. Onani mafuta. Akakhala akuda ngati oilo wa minibasi, pitirirani. Musatenge tchipisi tounjikidwa m'mphepete timene tazizira, muuzeni mnyamatayo akubwezereni m'mafuta inu mukuona. Mukafuna kukhuta muuzeni aswerepo mazira awiri. Zigege ndi zabwino m'mawa zikangotuluka, masana zimakhala zalema. Kanyenya gulani pomwe mbuzi yapachikidwa mukuiona, osati tinyama tongobwera m'beseni todulidwa kale.

Che Mangochi:
Pamenepo pa kanyenya ndionjezere, chifukwa pagulu pano si tonse timadya zilizonse. Amene mumafuna za halaal, chakumzikiti waukulu uja ukangowoloka mlatho, ndi m'mashopu a ku Area 2, malo ake alipo ambiri. Pa chiwaya cha m'makwalala funsani kaye ngati mafutawo sanakazingiremo nkhumba. Wogulitsa wachilungamo amakuuza, sakwiya.

Mayi a Chiko:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, tsopano ndiyankhe monga munthu amene ali mbali inayo ya mphika. Ndili ndi kalesitilanti kanga mu Old Town momwemu, mipando khumi ndi iwiri, atsikana awiri ondithandiza.

A Dalaivala anena zoona za nthawi, koma chifukwa chake anthu sachidziwa. Ine ndimadzuka kusanache, ndikagule masamba, tomato ndi anyezi ku msika wa Wakawaka kapena ku msika wa Lizulu wa pamlatho uja. Nyemba zimakhala pamoto 7 koloko isanakwane. Ndimaphika mongoyerekeza anthu amene abwere, chifukwa chotsala ndi chotayika, fuliji ndi magetsi athuwa sungazidalire. Ndiye ndiwo zabwino zimakhala zochepa dala. Si nkhanza. Mukafika mochedwa n'kupeza lokolo yatha, dziwani kuti malowo sagoneka ndiwo. Muziopa malo amene 4 koloko madzulo chilichonse cha pamenyu chikadalipo.

Za lokolo, achemwali a ku Zomba, tcherani khutu. Nkhuku zolimba si zonse zili za lokolo. Ena amagula nkhuku zoikira mazira zimene zatha ntchito kumafamu, nyama yake ndi yolimba ndithu, n'kumati lokolo. Ya lokolo yeniyeni nyama ya pantchafu imakhala yoderako, fupa lake lolimba loti simungalitafune ngati la broila, msuzi wake wachikasu wonunkhira ngakhale usanathire zambiri. Imadya makala, maola awiri pamoto si nkhani, n'chifukwa chake imakwera mtengo. Wina akakugulitsani lokolo pamtengo wofanana ndi broila, mwadya nkhuku yopuma pantchito.

Nsimanso funsani. Malo ambiri timaphika ya ufa woyera kapena wa gramilu chifukwa ndi imene ambiri amafuna, koma masiku ano a shuga ndi a BP achuluka, ndiye mgaiwa timaphikanso kamphika kamodzi. Mukapanda kunena akupatsani yoyera. Masamba mwezi uno ndi a kudimba: mpiru, repu, tchayinizi, bonongwe mukachita mwayi. Nkhwani wauwisi ndi wosowa, koma mukapeza pamene aphika mfutso wotendera musausiye, ino ndiye nyengo yake.

Mtengo sindilemba pano chifukwa pofika Lolemba ukhoza kusintha. Chichokereni Novembala 2023 pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndasiya kulembetsa mitengo ndi penti, ndimalemba ndi choko. Mafuta ophikira, makala, ufa, lendi, zonse zikuthamanga. Kasitomala akaona nthuli yachepa amati Mayi a Chiko ayamba umbombo. Koma ndikakweza mtengo mnyamata wa pashopu uja sabweranso, apita kukadya mbatata. Ndiye timachepetsa nthuli kuti mbale ikhalebe yofikirika.

Ankolo a ku Capital Hill:
Mayi, nkhani ya nthuliyo mwaulula chinsinsi cha dziko. Ine ndimadabwa kuti nkhuku imodzi ikutuluka bwanji ziwalo makumi awiri.

Mayi a Chiko:
Ankolo, malipiro anu a boma akakwera nthuli nayo idzakula kkkk.

Nachisale wa ku Zomba:
Mayi a Chiko zikomo kwambiri, mwandiphunzitsa zambiri. Malo anuwo ali pati kwenikweni?

Adimini:
Abale, lamulo la gulu lija lilipobe: manambala a foni ndi kutsatsa malonda ku inbox. Pano tizipatsana nzeru basi. Mayi a Chiko sanalakwe, ndikungotchinga ena asanayambe kutiponyera zithunzi za makeke.

Mwana wa Nyanja:
Ndaona mwatchula nsomba achemwali. Ine kwathu ndi ku Nkhata Bay, ndakhala ku Lilongwe zaka zambiri, ndipo chimene chimandipweteka mtima mumzinda muno ndi dzina la chambo. Nsomba iliyonse yopyapyala ya minga kumsana akuti chambo. Zambiri mukudyazo ndi makumba a m'maiwe. Si nsomba yoipa, koma si chambo, ndipo isagulitsidwe pamtengo wa chambo. Chambo cha m'nyanja chinachepa kalekale, china chimene chimapezeka m'mashopu ndi choweta m'makhola a m'madzi ku Mangochi.

Komanso onani mwezi. Julaye ndi nthawi ya mwera, nyanja imakalipa, asodzi masiku ena salowa m'madzi. Nsomba yaiwisi yochokera ku Salima ndi ku Nkhotakota imachepa, mtengo n'kukwera. Ndiye mukapeza "chambo" chotchipa sabata ya mawa, mudzifunse. Ine m'malesitilanti ang'onoang'ono ndimaitanitsa usipa kapena utaka, kapena kampango wowamba akapezeka. Zimenezo palibe amene angakunamizeni. Ngati mwaumirira chambo, pemphani muione isanakazingidwe: maso oyera owala, m'makha mofiira, mukadina ndi chala mnofu ubwerere.

Dalaivala wa M1:
Atonga mwafika ndi nsomba zanu. Munthu wafunsa nsima, inu mukumupatsa phunziro la zausodzi.

Mwana wa Nyanja:
Angoni mukadziwa chiyani za nsomba, inu chilichonse chokhala ndi magazi ndi ndiwo. Nsima yake ndinene? Mumzinda wonse uno malo ophika kondowole weniweni ndi owerengeka, ambiri amasakaniza ufa wa chinangwa ndi wa chimanga kuti mkono usawawe povundula.

Mayi a Chiko:
Kondowole amathyola mthiko bambo, ndipo oitanitsa ndi awiri pa sabata. Mukandiuza dzulo lake ndikuphikirani.

Nachisale wa ku Zomba:
Ine wa matemba a ku Chilwa ndingokhala chete pankhondo imeneyi. Koma funso lina: madzulo ndiye ndizidya kuti? Mwati ophika bwinowo amatseka msanga.

Naphiri wa ku 25:
Limeneli ndiyankhe ine monga mayi mnzanu, chifukwa abambowa akuuzani za Bwandilo basi. Zoona zake n'zakuti malo a nsima a m'tauni ambiri dzuwa likamalowa amakhala akutsuka miphika, antchito awo akuthamangira minibasi za ku Chinsapo, Kawale, Area 36. Otsala otsegula usiku chakudepoti ndi ku Devil Street alipo, koma inu nokha, mlendo, chikwama paphewa, foni m'manja, sindingakulangizeni. Ngakhale masana pamlatho paja ndi mumsika chikwama chizikhala kutsogolo.

Ine ndikapita kumaphunziro kwina ndimatembenuza tsiku. Masana ndimadya nsima yokhuta, ya mphamvu. Pomwepo ndimagulanso mpunga ndi nyemba kapena nkhuku, andiikire m'kontena yanga ya chivindikiro, ndikadye 6 koloko kuloji usanazizire kwambiri. Kapena madzulo tiyi ndi buledi, nthochi, mtedza, mbatata yowotcha, basi. Ambiri a maloji mukawapempha bwino amakupatsani madzi otentha. Njira ina, yankhulani ndi mayi wophika palojipo m'mawa, osati madzulo. Mukamuuza m'mawa kuti ndikufuna nsima ya mgaiwa ndi masamba otendera, amakagula, amakuphikirani bwino. Mukamudzidzimutsa usiku akukazingirani mazira ndi tomato, n'kukulipiritsani ngati mwadya ng'ombe.

Ndipo mudzapeza anzanu pamaphunziropo. Tsiku loyamba funsani amene ndi a konkuno, muzipita limodzi. Mukakhala anayi mutha kutenga takisi imodzi madzulo n'kukadya kulikonse, ngakhale ku Bwandilo kwa achimwene a ku Kanengo, a Mvano anzanu sakakuonani.

Nangozo:
Kontena yanuyanu imeneyo ndagwirizana nayo. Tchipisi kapena nsima yotentha m'kajumbo kopyapyala si zabwino, ndiponso timapepala timeneto boma linatiletsa, tosakwana mamaikoloni 60. Koma mpunga wophika masana usafike 9 koloko usiku uli m'chikwama. Idyani msanga.

Mnyamata wa ku Kanengo:
Za kalipiridwe palibe wanena. Airtel Money ndi Mpamba amalandira malo ambiri, koma ena amati muonjezere yotapira, ndipo netiweki ikagwa mwadya kale mumakhala chikole pampando. Yendani ndi ndalama zing'onozing'ono. Mukatulutsa K5,000 pogula chimanga chowotcha chimodzi, mnyamatayo apita kukasintha kutsidya kwa msewu, inu mudikire mpaka chimangacho chizizire.

Rasta wa ku Biwi:
Masiku ano K5,000 yake ikuvutanso tchenji? Imatha yonse pa chiwaya pomwepo, mpaka kuonjezera.

Dalaivala wa M1:
Tabwerani ku nkhani ya panjira, chifukwa njala ya Lamulungu iyamba musanafike. Kuchokera ku Zomba mudutsa Liwonde, Balaka, n'kukalowa M1 pa Chingeni pomwe pali zipata zolipirira paja. Kuyambira pamenepo ndi kwathu. Pa Tsangano Turn-off basi ikaima anyamata akuzingani ndi kanyenya, tchipisi, mazira owiritsa. Nyama ya pamenepo imakoma, koma lamulo la Rasta ligwire ntchito, yotentha yokha. Ndipo muganizire kuti kutsogolo kukadali mtunda, basi siima chifukwa cha mimba ya munthu mmodzi. Ine apaulendo anga ndimawauza kuti panjira idyani zosenda: nthochi, manachesi, mtedza, dzira losenda nokha. Zamafuta mukadye mukafika.

Pa Lizulu, pomwe msewu ukuyenda m'malire ndi Mozambique, musagule popita. Kachewere, kabichi, karoti, anyezi mudzagule pobwerera, mudzapite nazo kwa ana. Juzi ikhale pafupi, Dedza mwezi uno sacheza. Mukadutsa zipata za pa Kalinyeke muyamba kuona anyamata atanyamula mbewa pa timitengo. Zimenezo ndisiyira eni ake Achewa afotokoze.

Naphiri wa ku 25:
Mbewa musazinyoze a Dalaivala, kapuku wonona ndi nsima ya mgaiwa simungamuyerekeze ndi soseji. Koma zoona, za pamsewu sindigula, sudziwa kuti zakhala padzuwa masiku angati. Zathu zimachokera kumudzi ku Mitundu.

Ankolo a ku Capital Hill:
Mufika Lamulungu, kumbukirani kuti tsiku limenelo malo ambiri ang'onoang'ono m'tauni satsegula, eni ake ali kutchalitchi ndi kuchapa. Nyamulani kakamba kochokera kunyumba ka usiku woyamba.

Nachisale wa ku Zomba:
Ndalemba zonse m'kabuku. Ndidzakuuzani mmene ziyendere. Mulungu akudalitseni nonse, ngakhale a Bwandilo.

Nachisale wa ku Zomba:
Abale, lero Lachitatu, ndabwera ndi lipoti. Lolemba ndinalakwa ndekha. Otiphunzitsa anatitulutsa 1:30, pofika kutsidya kwa mlatho inali pafupifupi 2 koloko. Malo amene ndinaona anthu ambiri ndinapeza kwatsala nyemba ndi kabichi. Ndinadya zomwezo, zinali bwino, koma mtima unali pa lokolo. Dzulo tinapangana ndi anzanga atatu, mmodzi wa konkuno ku Kawale, tinapempha kuti tizituluka 12 koloko. Anatitengera kamalo kena kuseri kwa mashopu, kopanda ngakhale chikwangwani, ndekha sindikanakapeza. Pakhomo ndowa ya kampopi ndi sopo, a Nangozo ndinakukumbukirani. Nsima amaomola mumphika inu mukuona. Ndinaitanitsa mgaiwa, lokolo ndi mfutso wotendera. Fupa ndinaliyesa monga ananenera Mayi a Chiko, dzino linatsala pang'ono kutsalira pomwepo. Ndalama imene ndinalipira sinafike ngakhale theka la imene ndinkalipira chaka chatha pa tchipisi.

Chimodzi chokha chondidandaulitsa: therere la kuno amathira soda wambiri, mpaka limachita kuwawira kukhosi. Kwathu sitiphika choncho.

Naphiri wa ku 25:
Mwayamba kunyoza eni mudzi mutakhuta kkkk. Therere labwino ndi la chidulo, koma m'tauni ndani ali ndi nthawi yodontheza phulusa? Soda ndi wachangu, dzanja likangolemera pang'ono ndi zimenezo.

Mayi a Chiko:
Sikunali kwanga kumeneko, therere ndimaphika Lachinayi lokha. Koma ndakondwa kuti mwadya bwino. Mukabwererako mawa muwauze kuti soda achepetse, wophika weniweni sakwiya ndi mawu otero akanenedwa pambali, osati pamaso pa anthu.

Nangozo:
Mimba ili bwanji?

Nachisale wa ku Zomba:
Ili phee amayi. Saladi ndikumukana ngakhale akundiyang'ana ngati wonyada.

Mnyamata wa ku Kanengo:
Nanga kuja?

Nachisale wa ku Zomba:
Kuja tinapita dzulo lomwelo cha m'ma 5, anthu anayi pa takisi. Mang'ina ndadya, ndavomereza, ndi okoma, tsabola wa kambuzi anandituluka m'mphuno. Nyimbo zitayamba kukwera tinanyamuka. Nkhaniyi ithere pagulu pompano.

Rasta wa ku Biwi:
Sikirinishoti yapita kale ku Zomba kkkkk.

Nachisale wa ku Zomba:
Lachisanu, tatseka maphunziro. Lero ndinati nditsanzike ndi nsomba. Onani chithunzichi. Anandiuza kuti ndi chambo cha ku Salima chabwera m'mawa, ndinaiona isanalowe m'mafuta, maso anali owala. A Mwana wa Nyanja, weruzani.

Mwana wa Nyanja:
Achemwali, ndakulitsa chithunzicho mpaka foni yatentha. Nsombayo ndi yatsopano, pamenepo sanakunamizeni. Koma kathupi kameneko ndi makumba.

Mayi a Chiko:
Bambo inu, nsomba yokazinga, yothira tomato pamwamba, pachithunzi cha foni, mwaiona bwanji? Ine ndikuti ndi chambo chaching'ono.

Mwana wa Nyanja:
Mayi, ine nsomba ndinayamba kuidziwa ndisanadziwe afabeti. Achemwali, munawerenga minga ya chipsepse cha pansi, chakumchira? Makumba nthawi zambiri imakhala inayi, chambo itatu.

Nachisale wa ku Zomba:
Kuwerenga minga? Ine ndinadya mpaka mutu, patsala mbale yokha.

Mwana wa Nyanja:
Ndiye umboni mwaudya. Mlandu watha wopanda chigamulo.

Che Mangochi:
Ulendo wina mudzadutse kwathu, tidzakuonetseni chambo chosafuna loya.

Dalaivala wa M1:
Mukwera basi ya nthawi yanji mawa achemwali? Ngati ndi ya m'mawa, pa Lizulu mufika kachewere asanawombedwe ndi dzuwa. Musagule ndowa yoyamba imene akuonetseni pawindo, pansi pake amaika timbatata ting'onoting'ono. Auzeni akhuthulire m'thumba inu mukuona.